Fumbi la ku Mkaika ndi Magalimoto Okana Kulira

Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa, ndi malo a phee miyezi yambiri ya caka. Mlendo wocokera ku Lusaka amatsata mseu wa Great East, napyola Nyimba, Petauke ndi Sinda, ndipo amapatuka atalowa m'dera la Katete.

Koma kumapeto kwa August malowa amasanduka. Ndiyo nthawi ya Kulamba, mwambo umene atsamunda anauletsa mu 1934 ndipo unayambanso mu 1984. Mafumu ndi anthu ao amafika kucokera ku Malawi kudzera pa Mwami, ku Mozambique kudzera pa Chanida, ndiponso ku Chadiza, Vubwi ndi midzi yonse yozungulira. Magalimoto amaima m'thengo mizere-mizere, ambiri a iwo ogulidwa atatumikira kale ku Japan, onse atabvala fumbi lofiira.

Gule Wamkulu akatha ndipo dzuwa likapendeka, pamamveka nyimbo ina yosakondweretsa. Woyendetsa apotoza kiyi, injini itembenuka, itembenukanso, koma osalira. Ana atopa, amai aganizira ulendo wa usiku, ndipo oonerera, amene sasowa pa malo otere, onse apereka mlandu kwa batire.

Kawirikawiri batire imanamiziridwa. Injini ikamatembenuka ndi mphamvu, ndiye kuti batire ndi sitata zili moyo. Cimene casowa ndi cimodzi mwa zitatu zimene injini ya petulo imafuna: mafuta, moto wa pa mapulagi, ndi mpweya. Kupitiriza kupotoza kiyi kungomaliza batire imene inali yabwino ndi kutenthetsa sitata. Makanika wodziwa nchito sapyola masekondi 10 pa kuyesa kumodzi.

Iye amayamba ndi khutu. Kiyi ikapotozedwa pang'ono, nyali za kutsogolo kwa woyendetsa zitayaka, pampu ya m'thanki imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu. Ikakhala cete, ayang'ana fyuzi yake, kanthu kocepa mtengo kamene kamagoneka banja lonse panjira. Ikamveka, funso limakhala la mafuta enieniwo. Muvi woonetsa petulo pa galimoto yokalamba umanama, ndipo petulo wogulidwa m'zigubu m'mbali mwa mseu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zitsotso zimene zimatseka sefa. Sitinganene kuti ogulitsa onse ndi osakhulupirika, koma cigubu sicinena kumene cinagona.

Mafuta akapezeka, makanika amasula pulagi imodzi. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha petulo, mafuta afika koma moto palibe, kapena injini yamwa mopyola. Apo woyendetsa aponda thabwa la moto mpaka pansi ndi kuyesanso. Ikatuluka youma, mafuta safika. Sefa ya mpweya nayo imatsegulidwa, pakuti fumbi la August m'miseu ya kumidzi silicita manyazi.

Madalaivala akale a Peugeot 404 ndi Land Rover anali kupala mapointi ndi kupemerera kabyuleta pansi pa mtengo, ulendo nupitirira. Magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta imene imakana kupereka moto ngati kacipangizo kowerenga kuzungulira kwa injini kafa, kapena ngati kiyi yosulitsa pamsika ilibe cizindikiro cimene galimotoyo imadziwa. Ndipo anyamata amphamvu amene amathamangira kukankha ayenera kufunsa coyamba: galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, ngakhale mudzi wonse utathandiza.

Malole ndi mabasi a dizilo ali ndi khalidwe lao. Alibe mapulagi a moto. Thanki ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kuthira dizilo wina sikukwanira kufikira mpweyawo utaturutsidwa ndi kapampu ka pamanja ka pa sefa. Amene agona pa Mkaika napeza lole yao ikukana m'mamawa kukali cisanu, ayenera kukaikira mahita a injini.

Pali kulira kumodzi kumene makanika safuna kumva: injini kutembenuka mofulumira ndi mopepuka ngati ilibe kanthu m'kati. Nthawi zambiri kumeneko ndi kuduka kwa lamba wa taimingi, ndipo pa injini zina kuyesanso kumawonjeza kupinda mavalavu. Galimoto yotere sikonzedwa m'thengo. Imakokedwa kupita ku boma la Katete, ndipo lamba akasowa kumeneko amatumidwa ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 80, kapenanso ku Lusaka. Mwini wake amabwerera kukapempha malo ogona kwa abale, anzake atakwera basi.