Tsiku Limene AC Inatikana pa Chidikha cha Kasungu

Ife a kunyanja timadziyesa odziwa kutentha. Pa Nkhotakota mwezi wa Okutobala mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisanafike paliwombo, koma tili ndi madzi ndi mithunzi ya mango. Kasungu ali pamtunda ndipo usiku kumazizirako, komabe masana a nyengo imeneyi ndi ouma ndi afumbi. Minda imakhala mbee kudikira mvula, ndipo chobiriwira chimene maso amaona ndi nazale za fodya m'mbali mwa madambo.

Tinapita kumeneko kukatenga amalume athu, amene akhala zaka zambiri ngati tenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale, monga anachitira abale ambiri ochokera m'maboma a kunyanja. Mphumu inali itawakula mphamvu, ndipo banja linagwirizana kuti abwerere kumudzi. Fumbi likangowalowa m'mphuno amabanika, choncho tinadziwa kuti ulendo wobwerera udzakhala wotseka mawindo. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa AC.

Galimoto yathu ndi Toyota yaing'ono, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Milungu iwiri ulendowu usanachitike inagunda mbuzi, rediyeta ndi kondensa n'kuphwanyika. Makaniko wa kwathu anasintha zonsezi, n'kuthira gasi watsopano. Tinanyamuka m'bandakucha pa msewu wa M18, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka ku Mtunthama, mphepo ikuzizira bwino lomwe. Titapatukira m'misewu yafumbi ya kuesiteti, kumene munthu amayenda pang'onopang'ono, mphepo ija inayamba kufunda. Pobwerera tili ndi amalume, thukuta linali kamukamu, ndipo iwo anali kupuma movutikira. Titsegule mawindo, fumbi, titseke, ng'anjo.

Apa mpamene lilime linatitsogolera. Tinanena pamaso pa onse kuti makaniko uja watibera, wathira gasi wochepa n'kulandira ndalama ya gasi wodzaza. Amalume anangoti chamunsi, "Muphwa wanga, mwaona kale ndi maso?" Sitinayankhe.

Tinawasiya pamthunzi kwa wachibale m'tauni ya Kasungu, ife n'kukafuna thandizo. Mnyamata woyamba amene tinamupeza anali atanyamula kale botolo la gasi tisanamalize n'kufotokoza komwe. Koma bambo wina wachikulire wa pa galaja yoyandikana anamuletsa. Anatifunsa funso limodzi: "Bambo, imasiya kuzizira mukamathamanga, kapena mukaima?" Titawauza kuti pa tala imazizira koma tikachepetsa liwiro imafunda, anatsegula boneti, naliza injini, nayatsa AC. Kuseri kwa rediyeta kuli mafani awiri. Imodzi inkazungulira, inayo inali duu. Pulagi yake inali lende, yosalumikizidwa chichokereni ku galaja ya kwathu.

Anatifotokozera mofatsa, ndipo tikulemba pano kuti ena asataye ndalama. AC simapanga kuzizira. Imachotsa kutentha m'kati mwa galimoto n'kukakutaya kunja. Kompuresa, imene imazunguliridwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasi n'kumutumiza ku kondensa, chija chooneka ngati rediyeta yopyapyala kutsogolo kwenikweni. Pamenepo mphepo iyenera kudutsa kuti gasi azizire n'kusanduka madzimadzi. Galimoto ikamathamanga, mphepo ya pamsewu imagwira ntchitoyi; ikaima, zonse zimadalira fani. Tikanawonjezera gasi pa wodzaza kale, mphamvu ya m'mapaipi ikanakwera mopitirira, kuzizira kukanacheperachepera, ndipo kompuresa, chipangizo chodula kuposa zonse, ikanakhala pangozi.

Sanalekere pomwepo. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera n'kusolola sefa ya mphepo yolowa m'kati. Inali yofiira ndi dothi la Kasungu, yodzaza timasamba. Sefa yotsekeka imafooketsa mphepo ngakhale zina zonse zili bwino. Anatsukanso kondensa ndi madzi osathamanga kwambiri kuti timapeni take tisapindike. Kenaka anatigwiritsa paipi yaikulu yobwerera ku kompuresa: inali yozizira, ikuchita mame. Anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Anatikumbutsanso kudina batani lozunguliza mphepo ya m'kati momwemo, kuti fumbi ndi kutentha kwa kunja zisamalowe.

Tinawafunsa za mavuto ena amene amabwera AC ikangokonzedwa kumene. Anati ikamazizira poyamba, n'kusiya, kenaka n'kuyambiranso mutaizimitsa kwa kanthawi, kawirikawiri ndiye kuti m'mapaipi munatsala chinyezi chimene chikuundana pa kavavu kopapatiza. Zimatero makaniko akathira gasi asanayamwe mpweya wonse ndi pampu, kapena akasiya dirayala yakale mapaipi atakhala otsegula nthawi yaitali. Ikamafooka pang'onopang'ono pa masiku angapo, penapake pakudontha. Yang'anani polumikizira mapaipi pamene pali mafuta ogwira fumbi, ndipo thovu la sopo limaonetsa malowo. Mlingo wa gasi suyerekezedwa ndi maso. Pansi pa boneti pamakhala kachikwangwani kotchula mtundu wake ndi magalamu ake, ndipo woyenera kuthira amayeza pa sikelo. Galimoto zambiri za pa misewu yathu zimagwiritsa ntchito R134a, amene analowa m'malo mwa R12 mayiko atagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti athetse mipweya yowononga ozoni. Musalole munthu kuthira gasi wophikira, pakuti amayaka, ndipo musamasule mapaipi nokha: gasi wotuluka mwamphamvu amawotcha khungu ndi maso ngati moto.

Zonsezi zinatenga nthawi yosakwana ola, ndipo tinalipira ndalama yochepa ya ntchito ya manja basi. Amalume anagona tulo njira yonse mpaka tinaona nyanja.

Chinatsala ndi mawu athu aja. Ana athu a ku madrasa timawauza tsiku ndi tsiku kuti asanene za munthu chimene sanachitsimikize, koma ife eni tinamutcha wakuba munthu amene anangoiwala pulagi imodzi. Kuiwalako kunali kulakwa ndithu, ndipo kukanamupweteka wodwala. Koma gasi anathira wokwanira. M'mawa mwake tinapita ku galaja yake. Tinamuuza za pulagi, iye n'kugwira pakamwa ndi manyazi. Kenaka tinamuuzanso zimene tinamunenera kuseri, n'kupepesa. Tinagwirizana kuti kuyambira tsopano, galimoto isanatuluke pa galaja, tiziiliza itaima pa dzuwa kwa mphindi 10, boneti ili yotsegula, tonse awiri tikuyang'ana mafani.