Kalata kwa mphwanga: za mpunga ndi nkhuku za pa Khirisimasi

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako inatipeza tili amoyo tonse, ndipo ndakondwera kumva kuti chaka chino, popeza wamanga nyumba yakoyako ndipo utsi ukufuka pakhomo pako, iwe ndi alamu anga mwatsimikiza mtima kulandira apongozi ako, amalume, ndi ife abale ako pa tsiku la Khirisimasi. Wafunsa kuti muphike chiyani, nunditchulira zimene ukulingalira kugula: mpunga, nkhuku za m'sitolo, nyama ya ng'ombe, buledi ndi majarini, ndi makireti a zakumwa. Sinditsutsa kanthu pa zimenezi; koma ndisanayankhe ndifuna udziwe kumene mwambo wa chakudya cha tsikuli unachokera, pakuti munthu wodziwa gwero la chinthu amadziwanso chimene angachisiye osalakwira wina aliyense, ndi chimene akachisiya achititsa manyazi mtundu wake.

Makolo athu anali anthu a madyerero, koma madyerero awo ankatsata nkhokwe. Masika akadutsa, zokolola zitalowa, udzu utauma ndi njira zitayera, ndi pamene ng'oma zinkalira m'midzi: pamenepo anamwali ankavinidwa, maukwati ankamangidwa, ndipo mowa wa m'meto unkafululidwa kuti ofedwa amete ndi mzimu wa wopitayo ugone. Kufikira lero mwambo wa Kulamba, pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, umachitika mu Ogasiti, mwezi umene chakudya chikadali m'manja mwa anthu. Nsima ya masiku amakedzana inali ya mapira ndi mawere, ndiwo zake khobwe, nzama, masamba, mbuzi kapena nyama yosaka. Pakuti chimanga chimene lero timachitcha moyo chinachokera ku America, chinafika kuno patatha chaka cha 1500 kudzera m'malonda a Apwitikizi amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, ndipo chinatenga zaka mazana kuti chilande ufumu wa mapira. Mtedza, chinangwa, mbatata, matimati ndi tsabola nazo zinachokera komweko. Koma kaya nsima inali ya mapira kaya ya chimanga, panalibe mfumu imene ikanaitanira mudzi ku phwando mu Disembala, khasu lili m'manja ndi nkhokwe itayamba kuoneka pansi.

Khirisimasi sinafunse nkhokwe. Inabwera ndi tsiku lake lolembedwa kale, la 25 Disembala, lochokera ku maiko amene nthawi imeneyo kumakhala chisanu, minda itapuma ndi zokolola zili m'nyumba. Amishoni a mpingo wa Anglikani anafika ku Magomero mu 1861. A ku Scotland anayamba ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. A Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889. Akatolika nawo anatsegula Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902. Ndipo usaganize kuti onsewa ankalilemekeza tsikuli mofanana, pakuti kwawo kwa Asikotchi Khirisimasi linali tsiku la ntchito ngati masiku ena kufikira 1958, chikondwerero chawo chachikulu chinali cha Chaka Chatsopano. Tsono tsikuli linalowa m'midzi mwathu pang'onopang'ono, poyamba ngati tsiku la mapemphero ndi nyimbo, kenaka, pamene boma, masitolo ndi maesiteti anayamba kutseka ndi kupumitsa antchito, linasanduka tsiku limene wa kutauni amaonekera kumudzi. Kwa ife linagwa pakati pa dzinja, pa nthawi yopalira ndi kubandira, kutatsala milungu yowerengeka kuti ifike miyezi ija ya Januwale ndi Febuluwale imene akulu athu saitchula mopepuka, makamaka amene anaona njala ya 1949, ndi ife tomwe amene tinaona ya 2002. Mfundo imeneyi uigwiritsitse, mphwanga, chifukwa zonse zimene ndikuuze zatsamira pamenepa: phwando la makolo linkadya zotsala za chaka chokhuta, pamene phwando la Khirisimasi limadya za m'thumba la malipiro, ndipo likapanda kusamalidwa limadya za mwezi wa njala.

Nanga mpunga unakhala bwanji mwini tsikuli? Mpunga ndi mwana wa kunyanja. Akulu amati unatchuka kwambiri ndi Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, wamalonda a minyanga ndi a akapolo; ndipo ndi chinthu choyenera kuchikumbukira ndi mtima wachisoni kuti madambo amene lero amatipatsa mpunga wa Faya ali pafupi ndi doko limene anthu a mtundu wathu ankaolotsedwera tsidya lina osabweranso. Kumpoto, m'zigwa za Karonga, kunakula wa Kilombero, wa fungo lake lija limene limauza oyandikana nawo onse kuti pakhomo pali mlendo. Koma kumtunda kwathu kuno, ku Dowa, ku Dedza, ku Kasungu, mpunga sunkalimidwa. Unkabwera pamutu kapena pa njinga, kapena kugulidwa pang'ono m'sitolo ya mmwenye, kotero kuti mwana wa kumudzi ankaulawa pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena akadwala. Unachuluka m'misika pamene boma, dziko litalandira ufulu, linatsegula masikimu a ulimi wothirira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, monga Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ndi Likangala kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndi Muona ku Nsanje, ndipo akatswiri a ku Taiwan anathandiza pa ntchitoyo. Ulemu wa mpunga unabadwa m'kusowa kwake. Iwe amene umadya mpunga sabata iliyonse mu tauni sungawadabwitse nawo ana ako, koma agogo a kumudzi akadzaona mbale yake adzadziwa kuti mwawalemekeza. Chifukwa chake uugule, ndipo ugule wabwino, angakhale wochepa.

Nkhuku ndiyo yakale kuposa zonse za pa mndandanda wako, ndipo pa iyo ndichedwapo. Kalekale mwezi wa Disembala usanadziwike ndi dzina limeneli, mlendo wolemekezeka akafika pamudzi ankamgwirira nkhuku, ndipo kawirikawiri ankayamba amuonetsa ili yamoyo, kuti adziwe kuti yaphedwera iye, si yofa ndi chitopa. Ikapsa inkapita kwa mlendo yathunthu, ziwalo zake zonse zilimo, ndipo nthutumba ikasowa mu mbalemo wophikayo ankakhala ndi mlandu woyankha. Mlendo wodziwa mwambo ankadya mbali, nabweza zotsala kuti ana a pakhomo alaweko. Taona nzeru yake: nkhuku imodzi inkalemekeza mlendo, kudyetsa ana, ndi kuonetsa khalidwe la onse awiri, wolandira ndi wolandiridwa. Ndi nkhuku yomweyo imene ankhoswe amasinthana pa chinkhoswe, tambala ndi msoti, monga unaonera tsiku lako lija. Nkhuku zakuda za ku Mikolongwe zinabwera pambuyo pake kudzakuza mtundu wa za kumudzi, ndipo zoyera za m'mafiriji ndi za dzulodzuloli. Zoyerazo gula, zidyetse khamu; koma apongozi ako uwaphere yachikuda, ya pakhomo, yowiritsidwa nthawi yaitali pa moto wa nkhuni ndi matimati, anyezi ndi mchere basi, ndipo ipite kwa iwo m'mbale yakeyake yovundikira, nthutumba ili momwemo. Uifunefune msanga, pakuti chitopa chimasesa makola m'miyezi yotentha, ndipo zopulumuka zimakwera mtengo sabata ya chikondwerero.

Za tiyi, shuga ndi mabotolo sindichulukitsa mawu. Tiyi anayamba kulimidwa pa malonda ku Mulanje mu 1891, fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba ntchito mu 1966, ndipo Coca-Cola, Fanta ndi Sobo zinafala kuyambira zaka za m'ma 1950. Zinalowa m'midzi ndi ndalama za amene anapita ku Joni pa Wenela, ku Harare pa Mthandizi, ndi m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje. Wobwera kuchokera kumeneko ankayenera kuonetsa kuti sanapite pachabe, ndipo buledi wopaka majarini ndi tiyi wamkaka m'mawa wa Khirisimasi unali umboni wake. Ndi zokoma, ana amazikonda, ndipo sindikuti uwamane. Koma pa zonse za pa mndandanda wako, izi ndizo zopanda mizu, ndipo ngati ndalama zichepa uyambire pamenepa kudula.

M'malo mwa makireti ambiri, uwapemphe amayi akonze thobwa. Chimera chake chifunika kuyambidwa tsopano, mvula isanalimbike, pakuti mawere akaviikidwa ndi kumera amafuna dzuwa kuti aume asanapite kuchigayo. Phala lake liphikidwe kutatsala masiku awiri, chimera chithiridwe litazizirako, ligone, ndipo m'mawa mwake liwiritsidwenso. Likachedwa masiku ambiri limasasa ndi kuyamba ukali, ndipo amalume, amene ndi mkulu wa mpingo, adzalikana. Mtsuko umodzi waukulu umamwetsa anthu amene makireti atatu sangawakwanire, ndipo wodutsa m'njira ungampatse chikho osawerengera.

Nsima isasowe. Ndikudziwa kuti ena amaiona ngati yonyozetsa tsiku lalikulu, koma akulu ambiri akadya mpunga masana amafunsabe nsima madzulo, ndipo ufa woyera, wa mphale yoviikidwa bwino ndi kuyanikidwa pa mphasa, ndi ulemu wokwanira mfumu. Ndiponso dzinja, lingakhale limaumitsa nkhokwe, lili ndi mphatso zake zimene chilimwe sichidziwa: bowa wa utale wotuluka ndi mvula zoyamba, ngumbi zokazinga, nkhwani wanthete wotendera ndi nsinjiro, bonongwe ndi luni za m'mphepete mwa munda, ndi mango amene mu Disembala amagwa okha. Bowa ugule kwa amayi omudziwa, osati kwa ana. Mbatata ya kachewere ya ku Dedza kapena ku Tsangano ndi kabichi zidzatalikitsa nyama. Chambo usachiumirire, chifukwa miyezi ya Novembala ndi Disembala ndiyo imene makoka amaletsedwa panyanja kuti nsomba ziswane.

Powerenga anthu usawerenge oitanidwa okha. Kwathu phwando silikhala ndi chitseko. Adzabwera ana a oyandikana nawo, adzabwera wa kumpingo wongodzapereka moni, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Kilogalamu imodzi ya mpunga imakhutitsa akuluakulu 5 kapena 6; uwerenge motero, kenaka uwonjezere gawo la anthu amene sukuwadziwa. Ndipo mbale zoyamba kuomoledwa, alendo asanasambe m'manja, zikhale zopita kunja kwa mpanda: kwa nkhalamba imene ilibe woiphikira, kwa mayi wamasiye, kwa wodwala. Amayi athu ankatero chaka ndi chaka, angakhale zaka zimene ife tomwe tinkagawana mwendo umodzi wa nkhuku, ndipo ine ndimauyesa mwambo umenewu kukhala wolemera kuposa mpunga ndi nkhuku pamodzi, pakuti ndiwo wokha umene umagwirizanitsa ufulu wa makolo athu ndi Mwana uja amene anabadwira m'khola, makolo ake atasowa malo m'nyumba ya alendo.

Nyama ya ng'ombe isiye. Ndalankhula ndi achimwene aakulu ndi alongo athu, ndipo tagwirizana kugula mbuzi imodzi mabanja anayi, kuti aliyense atenge mwendo wake, za m'kati ziphikidwe kwanu pa tsikulo, ndipo mutu ndi ziboda zikhale za anyamata osenda. Ndalama imene ukanagulira ng'ombe uisunge payokha pamodzi ndi ya feteleza wobereketsa ndi ya fizi ya mlamu wako wamng'ono, zimene zonse zidzafunika Januwale asanafike pakati, ndipo usakongole kanthu chifukwa cha tsikuli. Thumba la chimanga limene munaika padera la Febuluwale lisatsegulidwe. Ufa wa phwando tibweretsa ife, pamodzi ndi nkhuni zouma, popeza za kwanu zidzakhala zitanyowa.

Undidziwitse chiwerengero cha a kuchikazi amene adzagone, kuti tidziwe mphasa ndi mabulangete oti tinyamule. Upereke moni kwa alamu anga, ndipo uwauze kuti akazi anga ndi atsikana adzafika pa 23 kudzathandiza kusankha mpunga ndi kutunga madzi.

Ndine mkulu wako wokukonda.