MOYO WA PA DOOKO KU CITHAPHWI CA KAFUE

Munthu wocokera ku Lusaka akadutsa pa Shimabala, amangoona mseu wa tala, njanji ndi mapiri. Ambiri sadziwa kuti kumadzulo kwa tauni ya Kafue kuli dziko lina la madzi ndi mabango, kumene bwato liri ngati nyumba ya munthu. Kumeneko ndi ku Cithaphwi ca Kafue, ndipo dooko lodziwika bwino kufupi ndi tauniyi ndi la Chanyanya.

Pa Nyanja ya Malawi eni ngalawa amakweza thanga, mphepo niwatenga, ndipo akafika pa mudzi amaponya nangula. Pa Kafue mtsinje ngwokhotakhota, motero msodzi amadalira nkhafi ndi mtengo wautali wokankhira bwato. Nangula wace ndi cikhomo cimene amazika m'matope, kapena mabango amene amamangako cingwe.

Bwato likangomangidwa m'mamawa, dooko limasanduka msika. Amai ogula nsomba, ena ocokera ku Lusaka, amadikira ndi mabeseni. Mpende ndi milamba zimawerengedwa, zotsala zimang'ambidwa ndi kuwambidwa pa moto. Msodzi amagula ufa, mcere ndi sopo, nakhala pansi kusoka ukonde. Ena sagona m'mudzi konse: amamanga misasa ya udzu pa zitunda zozingidwa ndi madzi, nakhalako masabata angapo. Pa dooko pamamveka Citonga, Cilozi, Cibemba ndi Cinyanja, pakuti nsomba zinaitana anthu a mitundu yambiri kudzakhala pakati pa Abatwa, Aila ndi Atonga, eni ace a cithaphwici.

Koma moyo umenewu si wa masewera ai. Mvuu imagubuduza bwato, ng'ona imabisala pamene ana amatunga madzi, ndipo udzudzu sulola munthu kugona. Likodzo liri m'madzi odikha. Kumene kulibe zimbudzi, kolera imafulumira kufika m'nyengo ya mvula.

Mtsinje weniweniwo unasinthanso. Damu la Kafue Gorge linamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo la Itezhi-Tezhi linatha m'caka ca 1977. Kucokera pamenepo madzi amakwera ndi kutsika monga mwa zofuna za magetsi, osati mwa mvula yokha. Malo ena amene kale anali kuuma caka ciri conse tsopano amakhala omira. Udzu woyandama wochedwa Kafue weed umatseka njira za mabwato, ndipo nkhanu zacilendo zocokera ku Australia zimadya nsomba zokodwa m'maukonde msodzi asanavuule.

Cifukwa ca ici, lamulo la Boma loletsa kusodza kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February liyenera kulemekezedwa, pakuti imeneyi ndiyo nthawi imene nsomba zimaswana. Msodzi amene amakoka nsomba ndi ukonde wa udzudzu amapha ndi tiana tomwe, ndipo caka camawa bwato lace lidzabwera pa dooko lopanda kanthu.

Wodya nsomba ya pa Kafue, kaya ali pa Shimabala kaya ku Chipata, adziwe kuti ndiwo imeneyo inagonetsa munthu pa madzi. Ndipo wofuna kukayamba usodzi ayambe watenga cilolezo ku Dipatimenti ya Nsomba, afunsenso akulu a pa dooko za malo a mvuu asanamasule cingwe.