Usachepetse jeti, mphwanga

Wokondedwa mphwanga,

 

Mayi ako andiuza kuti wagula Yamaha DT125 yakale yoti uziyendera m'minda ya tiyi, ndipo anzako akukulangiza kuti uike jeti ya bowo locheperapo m'kabuleta kuti njinga isamamwe petulo wambiri. Ndalemba msanga chifukwa malangizo amenewo apha injini zambiri. Usatero.

Njinga yakoyo ndi ya two-stroke, ndipo petulo wodutsa m'kabuleta sangoyaka chabe, amaziziritsanso pisitoni. Ukaimana petulo, mpweya umachuluka, injini imatentha mopitirira, pisitoni imafufuma n'kukakamira mu silinda, mwinanso kubooka pamwamba. Chopusitsa anthu n'chakuti njinga yomanidwayo imayamba yakoma kaye: imalira bwino, imapepuka, utsi umachepa. Mwini wake amakondwa mpaka tsiku limene tayala lakumbuyo lidzaume ali pa liwiro.

Tsono ganizira kumene ukukhala. Minda ya ku Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba ku Thyoloko ili pamtunda wa mamita 1,000 kapena chapomwepo, ndipo pamtunda wotero mpweya umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kuyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. N'chifukwa chake njinga ya kumtunda imaoneka ngati ikumwa mopitirira, ndipo munthu amakopeka kuti achepetse jeti. Koma iwe sudzangozungulira m'tiyi. Tsiku lina udzatsika msewu wa Thekerani kupita ku Muona, kapena udzadzera ku Thabwa kulowa ku Chikwawa, m'chigwa cha Shire chomwe malo ambiri safika ngakhale mamita 100. Kumeneko mpweya ndi wolemera, ndipo jeti yomwe inali yokwana ndendende ku Thyolo imasanduka yoperewera. Inde, kutentha kwa kuchigwa kumapepukitsako mpweya, koma kutentha komweko kumaotcha injini yomwe imadalira mphepo kuti izizire. Ndiye pobwera ukwere phiri lonselo pa giya yaing'ono, mwina utanyamula thumba la mpunga! Ngakhale ku Thyolo komweko, m'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julaye, nthawi ya chiperoni, mpweya umalemerako. Choncho jeti yako izikhala yopatsa petulo wochulukirapo pang'ono nthawi zonse. Pulagi yakuda umaitsuka kapena kugula ina. Pisitoni ya DT uyenera kukaisaka ku Limbe.

Palinso petulo wathu. Kuyambira 1982 Malawi amasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa, kenako ndi wa PressCane ku Chikwawa. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti ayake, motero jeti imene a Yamaha anaika poganizira petulo wosasakaniza yachepa kale usanaikhudze n'komwe. Amakokanso chinyezi, ndipo chinyezi ku Thyolo sichisowa. Uzimasula kasikuluu ka pansi pa kabuleta nthawi ndi nthawi kuti madzi atuluke.

Usanasinthe kanthu, yamba ndi zimene anthu amazinyalanyaza. Tsuka siponji yosefa mpweya, uinyowetse ndi oyilo pang'ono. Fumbi lofiira la m'misewu ya m'esiteti limaitseka msanga. Ona ngati labala wolumikiza kabuleta ku injini sanang'ambike. Njinga ikamakwera moto yokha itaima, kapena kuchedwa kutsika ukasiya akisileta, ndiye kuti ikuba mpweya penapake, kawirikawiri pa labala ameneyo kapena pa masilo a kilankishafuti, ndipo palibe jeti imene ingachize zimenezo. Ekizosi yodzaza mwaye nayonso imanamiza. Jeti zikatsekeka, uzitsuke ndi petulo n'kupopera mpweya. Waya kapena singano usalowetsemo, umakulitsa bowo ndipo nambala yolembedwa pajetiyo imakhala yabodza.

Kabuleta ya Mikuni imagawa ntchito patatu. Jeti yaing'ono, ya pilot, pamodzi ndi sikuluu ya mpweya zimalamulira njinga ikaima mpaka kota ya akisileta. Manga sikuluuyo mofatsa mpaka ikhudze, uibweze kuzungulira kamodzi ndi theka, kenaka injini itatentha uziisuntha pang'onopang'ono mpaka ilire mosadukiza. Kuyambira kota mpaka makota atatu imagwira ntchito ndi singano, ndipo iwe woyenda pakati pa mizere ya tiyi udzathera nthawi yako pamenepa. Kutsitsa kilipi ya pa singanoyo kumakweza singano, petulo amachuluka. Kukweza kilipi kumachepetsa petulo. Jeti yaikulu, ya main, imalamulira ukapatsa moto wonse. Sintha chinthu chimodzi, sitepe imodzi, uyese, ulembe m'kabuku.

Poyesa jeti yaikulu, peza chitunda chopanda otchola tiyi ndi mathirakitala. Kwera utapatsa moto wonse, kenaka gwira kilatchi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, usailole kulira itaima. Masula pulagi. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, zili bwino. Yakuda ndi yonyowa, petulo wachuluka. Yoyera mbee, ima pomwepo, bwezera jeti yokulirapo. Makutu nawo agwire ntchito: kulira kothetheka mu injini pokwera phiri ndi chenjezo, bweza moto msanga.

Pampu ya oyilo ya Autolube usaichotse ngati ili yamoyo, ndipo thanki ya oyilo wa 2T isaume. Ngati mwini wakale anaichotsa ndipo ukuthira oyilo m'petulo, dziwa kuti oyiloyo amalanda malo a petulo pabowo la jeti, choncho jeti iyenera kukula, ndipo muyeso wa oyilo usamasinthesinthe.

Ukamabwera kumapeto kwa mwezi utenge pulagi imene ilimo tsopano ndi nambala za jeti zonse ziwiri, tidzaonere limodzi. Chipewa cholimba usachisiye, ngakhale ulendo wa kufakitale pomwepo. Upereke moni kwa mayi ako.

Ndine,
Malume ako