Dzina la Bambo

Ife timaphunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba m'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Timakumana masana, anthu akaweruka ku munda. Ambiri mwa ophunzira athu ndi amai. Ena ndi a msinkhu wa agogo athu.

Phunziro loyamba ndi dzina. Aliyense amaphunzira kulemba dzina lake, kenaka maina a makolo ake. Tsiku lina gogo wina analemba dzina la bambo ake pa bolodi. Atamaliza sanabwerere pamalo pake. Anaima, naliyang'ana nthawi yaitali.

Kenaka anati: "Aphunzitsi, bambo anga sindinawaone. Asipayi anawagwira cifukwa ca msonkho, ine ndili kumsana kwa amai. Sanabwerenso. Ana amati m'foni muli zonse. Kodi simungandifunireko bambo anga m'menemo?"

Tinayankha kuti: "Agogo, tiyesa." Usiku umenewo tulo sitinatione, pakuti tinalonjeza cinthu cimene sitinacitepo.

Loweruka tinapalasa njinga kupita ku Ulongwe, kumene netiweki imagwira bwino. Tinagula mamega, ndi kuyamba kufufuza.

Tinaphunzira kuti makalata akale a boma ali ndi nkhokwe zake. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, imene inakhazikitsidwa mu 1934. Ku Lisboa kuli Arquivo Histórico Ultramarino, yosunga makalata a maiko amene Apwitikizi ankalamulira, ndiponso Torre do Tombo, nkhokwe yaikulu ya dziko la Portugal. Ena mwa makalata amenewa anajambulidwa, ndipo munthu angathe kuwaona pa intaneti. Palinso tsamba la FamilySearch, lofufuzirapo maina a makolo popanda kulipira, ndi lina la Memórias de África e do Oriente, lokhala ndi mabuku ndi magazini a nthawi ya atsamunda.

Tinalemba dzina la bambo aja. Palibe cinatuluka. Tinalilembanso mwa njira ina. Palibe. Mamega anatha, dzuwa linapendeka, ife tinabwerera cimanjamanja.

Tinapitanso kawiri. Pang'onopang'ono tinayamba kuzindikira cifukwa cake.

Coyamba, maina a malo anasintha. Ulongwe unkachedwa Vila Coutinho. Lichinga inali Vila Cabral, Maputo inali Lourenço Marques, Harare inali Salisbury. Wofufuza ndi dzina la lero sapeza kalata ya dzulo. Titalemba Vila Coutinho, masamba anayamba kutseguka.

Caciwiri, mlembi wa atsamunda ankalemba maina athu monga anawamvera ndi khutu la Cipwitikizi. Pamene ife tilemba k, iye ankalemba c kapena qu. Pamene tilemba w, iye ankalemba u. Dzina limodzi lingapezeke litalembedwa mwa njira zitatu.

Cacitatu ndico cowawa. Kufikira mu 1961, lamulo la atsamunda linkachula anthu akuda ambiri kuti "indígenas". Sanali nzika. Boma linkawawerenga kuti lidziwe okhoma msonkho ndi opita ku cibalo. Mwamuna ankayenda ndi kaderneta yosonyeza ngati wakhoma msonkho ndi kumene wagwira nchito. M'masamba amene tinawerenga tinapeza maina a azungu a ku boma ndi a mafumu ena. Anthu wamba analembedwa ngati manambala: amuna akuti ku msewu, amuna akuti ku minda ya azungu. Bambo a gogo uja anali mmodzi mwa manambala amenewo.

Tinabwerera kwa gogo, ndi kuwauza zoona. "Agogo, m'foni sitinawapeze." Iwo anangogwedeza mutu. Koma bambo wina wacikulire wa m'kalasi mwathu anati: "Mwafunsa makina musanafunse anthu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

Tinacita manyazi, pakuti ananena zoona. Tinapita ndi gogo kwa msuweni wao wokalamba wa m'mudzi wa patsidya. Iye anakumbukira zinthu ziwiri. Bambo aja anali ndi dzina lina la ubatizo, limene kumudzi silinkachulidwa. Ndiponso mwana wao woyamba, mlongo wake wa gogo, anabatizidwa ku misyoni asanayambe kuyenda.

Tinapita ku misyoni, ndi kupempha kuona buku la ubatizo. Buku limeneli silili pa intaneti. Lili m'kabati, mapepala ake ofiirira, m'mphepete modyedwa ndi ciswe. Katekisita anatithandiza kutsegula masamba. Pa tsamba la caka ca 1951 tinapeza dzina la mwanayo. Pambali pake panali dzina la amai, dzina la mudzi, ndi maina onse awiri a bambo.

Ife tinafuna kuwawerengera. Gogo anatigwira dzanja, nati: "Iai, mwana wanga. Ndiwerenga ndekha." Anaika cala pansi pa lemba loyamba. Anachula lemba limodzilimodzi, monga timacitira m'kalasi, kufikira dzina lonse litatuluka pakamwa pao. Tonse tinakhala cete.

Kumene bambo aja anatengedwera sitinakupeze. Amuna a kwathu kuno ena anapita ku cibalo, ena anathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia, nasanduka macona. Manda ao sitikuwadziwa. Tsopano tili ndi dzina la ubatizo, ndipo tidzafufuzanso nalo. Koma gogo akuti mtima wao wakhala pansi, cifukwa aona ndi maso ao kuti bambo ao analiko.

Pa ulendo umenewu taphunzirapo zambiri. Intaneti ndi khasu labwino, koma silima pamene palibe munda. Zimene sizinalembedwe, makina sangazipeze. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Nchito yophunzitsa akulu m'dziko lonse inayamba mwamphamvu mu 1978. Kenaka nkhondo inabalalitsa midzi, anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Malawi, ndipo makalata ambiri anapsa mtendere wa 1992 usanafike. Mbiri yathu yotsala ili m'mitu ya okalamba, ndipo okalamba akutha.

Cotero m'kalasi mwathu tayamba nchito yatsopano. Wophunzira aliyense ali ndi kope la banja lake. M'menemo amalemba dzina lake, mfunda wake, maina a amai ndi bambo, a agogo, a atsibweni, ndi mudzi umene anacokera. Timayamba ndi mbali ya amai, pakuti kwa Acewa mbumba imayenda ndi mai, ndipo mabuku a atsamunda sanasamale zimenezo. Amene ali ndi maina awiri timalemba onse. Kope likadzaza, timalijambula ndi foni, ndi kutumiza kwa abale a ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Joni, kuti moto kapena ciswe zisalimalize.

Abale, funsani agogo anu lero, akali moyo. Tengani kope ndi pensulo. Kale ena ankatilemba ngati manambala. Tsopano tiyeni tidzilembe tokha, aliyense ndi dzina lake.