Thambo la ku Kasungu

Mukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1, n'kudutsa Mponela ndi Madisi, mukangowoloka mtsinje wa Bua dziko limayalika ngati mphasa. Minda ya fodya ndi zigafa zimatsatana mpaka ku Chinkhoma, kumene kuli msika wa fodya, ndipo patsogolo pamaoneka phiri la Kasungu lili lokhalokha. Mitengo yambiri inathera ku nsichi za zigafa ndi nkhuni zowotchera fodya. Kutha kwake n'komvetsa chisoni, komabe kwasiya thambo lili poyera, moti munthu amaliona kuchokera kumene dzuwa limatulukira mpaka kumene limalowera.

Mu Okutobala nthaka imatentha ngati chiwaya. Masana kamvuluvulu amadzuka m'minda yosalima, n'kunyamula fumbi ndi mapesi. Ena amati muli ziwanda, pomwe ndi mpweya wotenthedwa ndi nthaka umene ukukwera uku ukuzungulira. Madzulo utsi wa lupsa umafiiritsa dzuwa ngati khala la moto. Kwa ife amene timadikira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kuti tilandire Sabata, ku Kasungu sikufunika kufunsa nthawi. Dzuwa umaliona likumira mpaka kutheratu.

Kenaka kumagwa chizimalupsa, ndipo pofika Novembala ndi Disembala mitambo imawunjikana ngati mapiri, pamwamba poyera mbuu, pansi pakuda bii. Pachigwa chotere mvula umaiona ikugwa kutali, kwanu kukali dzuwa. Usiku ziphaliwali zimawalitsa mtambo wonse kuchokera mkati. Salimo 29 limayerekeza bingu ndi mawu a Yehova, ndipo amene anagonapo ku Santhe kapena ku Chamama nyengo imeneyi amamvetsa chifukwa chake.

Koma nyengo yomweyi ndi imene timaika maliro a anthu oombedwa ndi mphenzi. Imeneyi ndi nthawi yowokera fodya ndi kubzala chimanga, anthu ali m'minda ndi makasu, ana ali kubusa. Pachigwa chopanda mitengo, munthu woimirira kapena mtengo umodzi wotsala ndiye chinthu chachitali, ndipo mphenzi imakonda kugwera pa chinthu chachitali. Ngozi ikachitika, kawirikawiri pamabuka mawu akuti wina wachita kutumiza. Abale amadana, agogo amalozedwa chala. Mphenzi ndi magetsi amene amapangika mumtambo, madontho oundana akamakhulana. Amene anailenga ndi Mulungu, ndipo palibe munthu angaiike m'thumba n'kuituma kwa mnzake.

Mlengi anaika dongosolo ngakhale m'zinthu zoopsa, ndipo dongosololi likhoza kutipulumutsa. Kuwala kumafika msanga kuposa phokoso. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva bingu. Masekondi 3 alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, siyani khasu, lowani m'nyumba ya makoma, ndipo mudikire mphindi 30 bingu litaleka. Musabisale pansi pa mtengo kapena m'chigafa, chifukwa n'chosatseka m'mbali. Munthu woombedwa ndi mphenzi sakhala ndi magetsi m'thupi. Mugwireni osaopa, onani ngati akupuma, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Mvula yamasana ikakata, tembenukirani kum'mawa, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Utawaleza wa ku Kasungu umaoneka wathunthu, miyendo yonse iwiri itaponda m'minda. Kuwala kwa dzuwa kukalowa m'madontho a mvula kumagawika mitundu. Kudziwa zimenezi sikuchotsa pangano la pa Genesis 9. Kumangotionetsa kuti Mulungu analemba lonjezo lake pogwiritsa ntchito madzi ndi kuwala, zinthu zimene aliyense amazidziwa.

Usiku wa mu Juni ndi Julayi, kukazizira ndipo mitambo kulibe, Mlalang'amba umadutsa pamwamba ngati njira ya ufa wotayika. Kumidzi kumene magetsi sanafike nyenyezi zimachuluka mpaka kusowa poloza. M'miyezi ya dzinja, kukayera madzulo, kumaoneka Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zomwe zija Mulungu anamufunsa Yobu m'chaputala 38. Makolo athu m'chikhulupiriro nawonso ankayang'ana kumwamba. Kugwa kwa nyenyezi kwa pa 13 Novembala 1833 ku America anakuona ngati chizindikiro chakuti kubwera kwa Yesu kwayandikira.

Makolo, Sabata likamalowa, yalani mphasa pabwalo m'malo mopempherera m'nyumba. Aonetseni ana nyenyezi ndi mayina ake, awerengetseni masekondi a bingu lakutali, ndipo muwauze amene anapanga zonsezi. Mwana woleredwa motero akadzamva bingu ali kubusa, adzadziwa kothawira, ndipo sadzaloza chala agogo ake.