Track 07: usiku wa besi ku Chitala

Minibasi ikangodutsa pa Chezi n'kuyamba kutsetsereka m'mapiri a ku Dowa, thupi limadziwiratu kuti Lilongwe yatsala m'mbuyo. Mpweya wolowera pawindo umatentha ngati wa mu uvuni wa masikono, ndipo malambe amayamba kuoneka apa ndi apo. Munali mu Okutobala, ndili pa ulendo wa ku Chitala, m'boma la Salima, ku chinkhoswe cha msuweni wanga.

Inu amene simunafikeko, musavutike n'kunyamula kabudula wosambira. Chitala ali m'chigwa cha nyanja, inde, koma nyanja yeniyeniyo ili patali ndithu. Malowa amadziwika ndi siteshoni ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, komwe akatswiri amayeserako mbewu zoyenera madera otentha. Kupatula apo ndi minda, mitengo ya mango, fumbi, ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto odikirira makasitomala pamthunzi.

Amalume anali atandiimbira foni kutatsala sabata. "Popeza ndiwe wa m'tauni, ubwere ndi nyimbo zabwino. Tisachite manyazi pamaso pa akuchimuna."

Ntchitoyo ndinaitenga ndi manja awiri. M'foni mwanga ndinali ndi chimbale chimene ndimachikonda kuyambira ndili ku koleji, The Sound of Durban Vol. 1. Si cha woimba mmodzi ayi. Ndi nyimbo za achinyamata osiyanasiyana a m'makomboni a ku Durban, zimene kampani ya Gqom Oh!, ya DJ wa ku Rome wotchedwa Nan Kolè, inasonkhanitsa n'kutulutsa mu 2016. Nyimbo za gqom zilibe mawu ambiri. Ndi ng'oma zolemera ndi besi yomveka m'chifuwa, zopangidwa pa makompyuta a m'nyumba. Zisanafike ku Ulaya, zinkangoyenda m'mafoni ndi m'mateksi a ku Durban komweko. Mumtima ndinkati ku Chitala akandidziwa.

DJ wa pachinkhoswepo anali mfana wazaka ngati 20, woonda, wa mahedifoni omangidwa ndi selotepi. Masipika ake anayi anali atawasanja pansi pa mtengo wa mango, jenereta ikulira kuseri kwa nkhokwe. Anamvetsera nyimbo zanga ziwiri akugwedeza mutu, kenako anandibwezera foni mwaulemu.

"Achimwene, besi ilimo, sindikukana. Koma azimayi afupa bwanji pamenepa?"

Ndinasowa choyankha. Chinkhoswe si kilabu. Nyimbo imafunika kudzutsa azakhali pampando, iwayendetse mwakachetechete mpaka kutsogolo, ndalama ili m'manja, n'kuwapatsa mpata woti chitenje chionekere. Ikalephera zimenezo, perekaniperekani wafa.

Masiku opanda maukwati, mfanayu amakhala pa kashopu kake ndi kompyuta yakale, kubenera anthu nyimbo m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Makolo athu ankagula makaseti ochokera kwa O.G. Issa ku Limbe. Ife a m'tauni timadalira bandulo. Koma kumene bandulo imapikisana ndi sopo ndi mchere, amene amasankha zoti mudzi wonse umvere ndi mnyamata wobena nyimbo. Anandionetsa mafoda ake: "Zamapemphero", "Zaukwati", "Zakale", ndi ina yongolembedwa kuti "Besi". M'menemo munali amapiano a ku Joni, dancehall ya konkuno, ndi nyimbo za ku Zambia.

Ndinamufunsa kuti amasankha bwanji.

"N'zosavuta. Ndimaika sipika pafupi ndi lata la pashopu. Nyimbo ikapanda kugwedeza lata, simalowa mufodamu."

Ndinaseka, komatu ntchito imene amagwira si yosiyana kwenikweni ndi ya kampani ya ku Rome ija. Onse amamvetsera nyimbo zambirimbiri, n'kutaya zina, n'kusanja zotsalazo kuti ziyende pamodzi. Kusiyana kwake ndinakuona usiku.

Cha m'ma 9 koloko, thobwa litatha ndipo ankhoswe atamaliza zawo, DJ anaika nyimbo ina imene sindinaimvepo. Inalibe kompyuta mkati. Kunali waya mmodzi wolira pansipansi, wokwera ndi kutsika ngati munthu wamkulu akung'ung'udza, ng'oma yopondedwa ndi phazi, ndi mawu a mnyamata osasa pang'ono. Chapatali munkamveka tambala ndi belu la njinga. Bwalo lonse linadzuka. Agogo aakazi, amene tsiku lonse ankadandaula bondo, anasiya ndodo pamphasa. Ana ankaidziwa mawu onse. Inabwerezedwa katatu.

Imeneyo inali babatoni, besi yathuyathu. Amaipanga ndi mtengo wautali, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumunsi kwake, ndi waya amene nthawi zambiri amachotsa m'tayala lakutha. Woimba amasintha kaliridwe poyendetsa botolo pawayapo. Siifuna magetsi, koma kudzera m'masipika aja inagwedeza malata a nyumba ya amalume kuposa amapiano onse a tsikulo.

Ndinasuzumira pakompyuta kuti ndione dzina la woimba. Panalembedwa "Track 07". Basi.

"Ndi mfana wina wa kumidzi uku," anatero DJ. "Winawake anamujambula pafoni tsiku la msika. Ine ndinangoikweza besi. Panopa aliyense wobenetsa amayamba wafunsa imeneyi."

"Nanga iyeyo amapezapo kanthu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Apeza bwanji, achimwene? Mwini wakeyo kulibe. Anapita kunyanja, akukoka makoka."

M'mawa mwake msuweni wanga wina ananditengera pa njinga kwa mayi a mnyamatayo. Tinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Atamva chimene tabwerera anatilozera kuseri kwa nyumba. Babatoni ija inali itatsamira khoma la khola la mbuzi, waya atachita dzimbiri, chikopa chitabooka mbali imodzi.

"Ankangosokosa nacho chimenecho," anatero mayiwo. "Nyimbo sadya, mwanawe. Kunyanjako bola amatumiza ya ufa."

Sindinawatsutse. Ndikanawauza chiyani, ine amene dzulo lake ndinavina nyimbo ya mwana wawo ulere?

Komabe pobwerera maganizo anali pa anthu ena oimba chida chomwechi. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anakhala zaka akuimba m'misewu ya mu Lilongwe. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja kanema wake akuimba babatoni m'mbali mwa nyanja atafalikira pa intaneti. Onsewa luso anali nalo kale. Chimene chinasintha n'chakuti nyimbo inayamba kuyenda limodzi ndi dzina la mwini wake.

Zoterezi zinachitikanso kumpoto kwa Mali. Christopher Kirkley wa ku America anatolera nyimbo zimene anthu ankapatsana m'mamemori khadi, ndipo mu 2011 kampani yake ya Sahel Sounds inazitulutsa pa chimbale cha Music from Saharan Cellphones. Ntchito yaikulu sinali kusankha nyimbo, koma kufufuza eni ake kuti alembedwe maina ndi kulandira gawo lawo. Mmodzi mwa iwo anali Mdou Moctar wa ku Niger, amene lero amaimba m'maiko ambiri.

Kwathu kuno, lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi, ndipo bungwe la COSOMA limagawa ndalamazo kwa mamembala ake. Ndi chinthu chabwino. Koma "Track 07" sangalembetse umembala, ndipo palibe amene angamuimbire foni kumuitanira ku chikondwerero cha nyimbo ku Senga Bay, ngakhale ndi m'boma lake lomweli.

Ndisananyamuke ndinadzera pa kashopu ka DJ uja. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: asinthe dzina la fayilo, alembe dzina la mnyamatayo ndi mudzi wake. Anadandaula kuti makasitomala anazolowera kunena kuti "seveni", koma analemba, zala ziwiri pa kiyibodi yofufutika zilembo. Zimene zinabenedwa kale zipitirira kuyenda opanda dzina. Zobenedwa kuyambira tsiku limenelo zidziwika mwini wake. Nambala ya m'bale wake wa woimbayo ndili nayo, ndipo mnzanga wina wa situdiyo ku Lilongwe wavomera kuimvera nyimboyo. Kaya zitha bwanji, tiona.

Ndikukwera kabaza, DJ anandikuwira ali pakhomo.

"Achimwene! Za ku Durban zija ndasungako imodzi. Yagwedeza lata. Ndiziika usiku, akuluakulu akakagona."